Tochi yomwe inayatsidwa dziko lisanakhaleko

Amene munagonapo kunyanja mwezi uli mumdima mukudziwa zimene ndikufuna kunena. Dzuwa likangolowa, asodzi a usipa amakankhira mabwato m'madzi, ndipo pofika 8 koloko nyanja yonse imakhala yangoti waliwali ndi nyali, ngati pamadzi pamera tauni. Ine ndinakulira ku Mbungo, pachilumba cha Likoma, ndiye zimenezi ndaziona kuyambira ndili mwana. Koma pa tchuthi cha Khirisimasi chapitachi, nditakhala pamchenga ndi amalume anga amene akhala siginala kwa zaka zambiri, ndinachita manyazi pang'ono.

Pakati pa nyali zonsezo panatulukira kuwala kumodzi koyera, kothobwa m'maso. Kunazima, n'kubweranso. Ndinati, "Amalume, bwato ilo layandikira. Akubwerera msanga chonchi?"

Anaseka. "Iwe mphwanga, sukulu yonse ija? Amenewo ndiye ali kutali kuposa onsewa. Imeneyo ndi tochi, wangoilozetsa kuno basi."

Ankanena zoona. Nyali yokopera usipa imamwaza kuwala mbali zonse, kotero ikamapita kutali imazilala. Tochi imasonkhanitsa kuwala kwake konse n'kukuponya njira imodzi. Ikakuloza, imaoneka yowala kuposa nyali khumi zapafupi. Mwini wake akangoitembenuza pang'ono, sungadziwe n'komwe kuti kumeneko kuli munthu.

Manyazi anga anali akuti sabata yomweyo ndinali ndikuwerenga za chinthu china cha kuthambo chotchedwa blazar, chomwe chinapusitsa akatswiri mwa njira yomweyi kwa zaka pafupifupi 40.

Mu 1929, katswiri wina wa ku Germany, Cuno Hoffmeister, anaona kadontho kakuwala m'gulu la nyenyezi lotchedwa Lacerta, kutanthauza buluzi. Kadonthoka kankawala kwambiri nthawi zina, nthawi zina n'kuzilala. Nyenyezi zotere zilipo zambiri, ndiye anthu anangoti iyinso ndi imodzi mwa izo, n'kuipatsa dzina loti BL Lacertae. Nkhani inathera pomwepo mpaka mu 1968, pamene John Schmitt ku Canada anapeza kuti "nyenyezi" imeneyi ikutulutsa mafunde a wailesi amphamvu kwambiri, zomwe nyenyezi wamba sichita. Musaganize za nyimbo ayi. Mafunde a wailesi ndi mtundu wina wa kuwala umene maso athu saona. Mu 1974, John Beverley Oke ndi James Gunn anayeza mtunda wake, ndipo zinadziwika kuti sichinali nyenyezi yapafupi m'pang'ono pomwe. Chinali pakatikati pa mlalang'amba wina, kutali kwakuti kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 900 miliyoni kuti kutipeze. Dzina loti blazar linabwera mu 1978. Analipeka ndi Edward Spiegel, pophatikiza BL Lacertae ndi quasar, dzina la zinthu zina za mtundu womwewu.

Tisanapitirire, tigwirizane za mtunda. Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Kuchoka kumwezi kufika kuno, kumatenga sekondi imodzi ndi pang'ono. Kuchoka kudzuwa, mphindi 8. Kuchoka ku Alpha Centauri, nyenyezi yowala ija imene imaloza ku Southern Cross, zaka zoposa 4. Ndiye ndikamanena kuti chinthu chili pa mtunda wa zaka zakutizakuti, ndikutanthauza nthawi imene kuwala kwake kwakhala kuli paulendo. Ndipo chimene timaona si mmene chinthucho chilili lero, koma mmene chinalili tsiku limene kuwalako kunanyamuka.

Nanga blazar ndi chiyani kwenikweni?

Mlalang'amba ndi khamu la nyenyezi mabiliyoni ambiri zimene zimazungulira pamodzi. Dzuwa lathu lili mu umodzi, uja timauona usiku wopanda mwezi ngati njira yoyererako yodutsa kumwamba. Pakati pa mlalang'amba waukulu uliwonse, kapena tinene pafupifupi uliwonse, pamakhala chimene pa Chingerezi amachitcha black hole. Dzinali limasocheretsa, chifukwa si dzenje lopanda kanthu. Ndi zinthu zambirimbiri zopanikizidwa pamalo aang'ono, moti mphamvu yake yokoka ndi yaikulu kwakuti ngakhale kuwala kukalowamo sikutulukanso. Ya mu mlalang'amba wathu imalemera ngati madzuwa 4 miliyoni, koma panopa ili phee, siikudya zambiri.

Zina zimadya, ndipo zimadya mwaumbombo. Munathirapo palafini m'botolo pogwiritsa ntchito fanelo? Palafiniyo sangogwera pansi, amayamba wazungulira kaye. Mpweya ndi fumbi zokokedwa ndi black hole zimachitanso chimodzimodzi: zimazungulira mwaliwiro loopsa, kukhudzana, kutentha, mpaka kuwala kuposa nyenyezi zonse za mu mlalang'ambawo kuziphatikiza pamodzi. Choncho chimene chimawala si black hole yeniyeniyo, ndi chakudya chake chisanamezedwe. Chikamawala chonchi timachitcha quasar.

Tsopano pali zina mwa izo zimene sizimeza zonse. Mphamvu ya maginito imene ili pamalopo imagwira tizinthu tina n'kutilavula njira ziwiri zosiyana, kumwamba ndi pansi titero, ngati madzi otuluka pa paipi munthu atatsekako pakamwa ndi chala. Zolavulidwazi amazitcha jet, ndipo zimathamanga liwiro loposa 99 peresenti ya liwiro la kuwala. Apa ndi pamene pali tochi ija. Malamulo amene Albert Einstein anapeza amanena kuti chinthu chikamathamanga pafupi ndi liwiro la kuwala, kuwala kumene chikutulutsa kumaunjikana kutsogolo kwake. Woima pambali amaona zochepa. Woima kutsogolo amathobwedwa. Blazar ndi quasar yomweyo, kungoti jet yake yaloza kuno kwathu. Si chilombo china chapadera ayi, ndi ife amene taima pamalo oyenera.

Imene ndinkawerengayo dzina lake ndi losasangalatsa m'pang'ono pomwe: VLASS J041009.05−013919.88. Eni ake amangoifupikitsa kuti J0410−0139. Nkhani yake inatuluka mu December 2024 m'magazini ya sayansi ya Nature Astronomy, ndipo amene ankatsogolera gulu lofufuzalo ndi Eduardo Bañados wa ku Max Planck Institute for Astronomy, mumzinda wa Heidelberg ku Germany. Pa nthawi imene inalengezedwa, inali blazar yakutali kuposa zonse zodziwika. Kuwala kwake kwayenda zaka pafupifupi 13 biliyoni.

Taimani kaye pa nambala imeneyi. Dziko lathu lili ndi zaka pafupifupi 4.5 biliyoni. Ndiye kuti pamene dziko linkaumbika, kuwala kumeneku kunali kutayenda kale magawo awiri mwa atatu a ulendo wake. Chilengedwe chonse chili ndi zaka 13.8 biliyoni, kotero tikuona blazar imeneyi mmene inalili chilengedwe chisanakwanitse zaka 800 miliyoni. Kuyerekeza ndi gogo wa zaka 80, ndiye kuti tapeza chithunzi chake ali ndi zaka 4.

Mmene anaipezera ndi mmene mumandisangalatsa kwambiri, chifukwa palibe amene anangoyang'ana mu telesikopu n'kufuula kuti ndaiona. Anachita ngati munthu wopeta mpunga. Ku New Mexico, ku America, kuli madishi 27 olandira mafunde a wailesi, lililonse lalikulu mamita 25, otchedwa Very Large Array. Madishi amenewa akhala akujambula mapu a thambo, ndipo dzina loti VLASS likuchokera ku ntchito imeneyo. Bañados ndi anzake anatenga mapu amenewa n'kuwafananitsa ndi zithunzi za kuwala kooneka ndi maso. Ankafuna zinthu zimene zikufuula pa wailesi koma pa zithunzi zinazo sizikuoneka. Zitapetedwa, zinatsala 20. Mwa zimenezi, chimodzi chokha ndi chimene mphamvu yake ya wailesi inkakwera ndi kutsika moonekeratu. Atatero ndi pamene anapempha matelesikopu akuluakulu a ku Chile, ku Arizona ndi ku Hawaii, komanso Chandra ndi XMM-Newton amene ali mumlengalenga ndipo amaona X-ray, kuti onse ayang'ane kadontho kamodziko.

Mwina mukufunsa kuti, bwanji ankasaka chinthu chosaoneka? Funso labwino, ndipo yankho lake ndi lomwenso limatiuza mtunda.

Kuwala kumayenda ngati mafunde. Inu a Fomu 3 ndi 4 mukudziwa kale za kutalika kwa funde, kuchoka pa nsonga ya limodzi kufika pa nsonga ya lotsatira, monga mmene mungayezere mafunde a mwera akamamenya gombe. Maso athu amaona mafunde a pakati pa 400 ndi 700 nanometre. Ofupika amaoneka a buluu, otalika amaoneka ofiira. Tsopano chilengedwe chikufutukuka, ndipo kuwala kumene kuli paulendo kumatambasuka nacho limodzi. Tengani mphira wa legeni, mujambulepo mizere ndi bolopeni, kenaka muukoke. Mizere ija italikirana. Kuwala kukakhalitsa panjira, kumatambasuka kwambiri.

Haidrojeni, mpweya umene uli wochuluka kuposa wina uliwonse m'chilengedwe, uli ndi chizindikiro chake chodziwika bwino: umatulutsa kuwala kwa mafunde a 121.6 nanometre. Zimenezi zinayezedwa mu labotale pansi pompano. Mu kuwala kwa J0410−0139, zizindikiro zoterezi zinapezeka zitatambasuka ka 8. Chulukitsani nokha: 121.6 kuchulukitsa ndi 8 ndi 972.8. Nambala imeneyi yadutsa 700, ndiye kuti kuwalako kwatuluka m'malire a maso athu n'kulowa ku infrared. Mafunde ofupika kuposa pamenepa, amene akanatambasuka n'kugwera pamene maso amaona, anamezedwa ndi haidrojeni wina panjira. N'chifukwa chake pa zithunzi wamba panalibe kanthu. Akatswiri amalemba kutambasukaku ndi chilembo z, ndipo lamulo lake ndi losavuta: kutambasuka ka 8 ndiye kuti z ndi 7, mumangochotsapo 1. Mbiri isanathyoledwe inali ndi blazar yotchedwa PSO J0309+27, ya z wa 6.1, imene Silvia Belladitta wa ku Italy analengeza mu 2020 akadali wophunzira wa digiri ya udokotala. Iyeyo analinso m'gulu lomwe linapeza yatsopanoyi. Asungwana amene mumauzidwa kuti Physics ndi ya anyamata, mwamva?

Nanga kukwera ndi kutsika kwa mphamvu kuja kukutiuza chiyani? Taganizani za nyali za asodzi zija. Nyali imodzi ikhoza kuzima kamodzin'kamodzi. Koma nyali zonse zapanyanja sizingazime pa sekondi imodzi, chifukwa uthenga woti zimitsani uyenera kuyenda kaye kuchoka bwato lina kupita lina. M'chilengedwe mulibe uthenga wothamanga kuposa kuwala. Choncho chinthu chikamasintha kuwala kwake mofulumira, ndiye kuti malo amene kuwalako kukuchokera ndi aang'ono. Mlalang'amba wathunthu sungaphethire. Ndipo jet ikaloza kwa ife, kusinthako kumaoneka kofulumira koposa, chifukwa jet imakhala ikuthamangira m'mbuyo mwenimweni mwa kuwala kwake komwe. Chitsanzo chotchuka cha zimenezi chinaonedwa kuno ku Africa. Ku Namibia kuli matelesikopu otchedwa H.E.S.S., ndipo mu July 2006 anaona blazar ina, PKS 2155−304, ikusintha mphamvu yake pa mphindi zowerengeka chabe. Mphindi, osati zaka.

Tibwerere pamchenga paja. Manyazi atatha, ndinawafunsa amalume kuti, "Ndiye pa mabwato onsewa, wa tochi ndi mmodzi yekhayo?"

"Aaa, ayi. Ndani angapite panyanja usiku wopanda tochi? Enawo aloza kwina."

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya J0410−0139. Kuwala kwa jet ndi kopapatiza. Tiyerekeze jet yothamanga 99.5 peresenti ya liwiro la kuwala. Kuti uione ngati blazar, uyenera kukhala mkati mwa madigiri pafupifupi 6 kuchoka pamene yaloza. Ukawerengetsa, ngakhale utaphatikiza ma jet onse awiri, mwayi woti ikuloze ndi pafupifupi umodzi pa 200. Ma jet samadziwa kuti kuno kuli dziko, amaloza kulikonse mwachisawawa. Ndiye ukapeza blazar imodzi pa nthawi imeneyo ya chilengedwe, wapeza umboni woti kunali anzake ambiri, makumi kapena mazana, amene ma jet awo analoza kwina ndipo sitinawaone. Nambala yeniyeni imadalira liwiro la jet, koma mfundo yake siisintha.

Ndipo zimenezi zikuwasowetsa tulo akatswiri. Chifukwa chake n'chakuti black hole ya J0410−0139 imalemera ngati madzuwa pafupifupi 700 miliyoni. Kuyerekeza ndi ya mu mlalang'amba wathu, imeneyi ndi yolemera ka 175, pamene yathuyi yakhala ndi zaka mabiliyoni ambiri zoti idye. Inanenepa bwanji msanga chonchi?

Mwina mukuti, inangodya kwambiri basi. Koma pali malire. Chakudya chikamagwera mkati chimatentha ndi kuwala, ndipo kuwalako kumakankha chakudya china chimene chikubwera. Zili ngati nsima yotentha: njala ikhale yotani, mbamu yoyamba ikakuotcha umadikira kaye. Malire amenewa amatchedwa ndi dzina la Arthur Eddington, katswiri wa ku England. Black hole yodya pa malire amenewa usana ndi usiku, osapumula, imawirikiza kulemera kwake pa zaka pafupifupi 35 miliyoni zilizonse.

Tengani kakyuleta. Tiyerekeze kuti inayamba ngati mtembo wa nyenyezi yaikulu kwambiri, yolemera madzuwa 100. Wirikizani: 200, 400, 800, 1,600, kumapita choncho. Kuti mudutse 700 miliyoni muyenera kuwirikiza ka 23. Ndiye 23 kuchulukitsa ndi 35 miliyoni ndi zaka 805 miliyoni. Koma tanena kuti chilengedwe chinali chisanakwanitse zaka 800 miliyoni. Onjezerani kuti nyenyezi zoyamba sizinayake tsiku loyamba, panadutsa kaye zaka zoposa 100 miliyoni kuli mdima. Masamu akukana. Ikanakhala imodzi, bwenzi tikuti ndi yamwayi, mwina inabadwira pa nkhokwe. Koma tochi ija yatiuza kuti sinali yokha.

Pali maganizo angapo amene akatswiri akulimbana nawo. Ena akuti mbewu yake sinali ya madzuwa 100, koma mtambo waukulu wa mpweya unagwa wonse nthawi imodzi n'kupanga black hole yolemera madzuwa masauzande ambiri, osadutsa pa kukhala nyenyezi. Ukayamba ndi madzuwa 100,000, umangofunika kuwirikiza ka 13, ndipo nthawi imakwana. Yesani nokha muone. Ena akuti malire a Eddington akhoza kudumphidwa nthawi zina, ndipo apa jet ikulowanso m'nkhani. Ngati gawo lina la mphamvu ya chakudya chogwacho likuthera mu jet m'malo mosanduka kuwala, ndiye kuti chokankha chija chachepa, ndipo black hole ikhoza kumeza mofulumira. Titero kuti jet ndi kuuzira nsima. Ine maganizo achiwiriwa amandikoka mtima, chifukwa akugwirizana ndi zimene zapezekazi: ma black hole ambiri a ma jet, onenepa, pa nthawi imene sitinkawayembekezera. Koma kukoka mtima si umboni, ndipo n'zotheka kuti zonse ziwiri zinachitika.

Chimene chingathetse mkanganowu ndi kupeza anzake aja amene analoza kwina, n'kuwawerenga. Ntchito imeneyo ikufuna madishi omva mafunde ofooka kwambiri, ndipo ena mwa abwino kwambiri padziko lonse ali kuno kum'mwera kwa Africa. Ku Karoo, ku South Africa, kuli MeerKAT, madishi 64 amene anatsegulidwa mu 2018, ndipo pamalo omwewo pakumangidwa chimzake chachikulu kuposa pamenepo, Square Kilometre Array. Mozambique ndi Zambia ali m'gulu la maiko a mu Africa ogwirizana pa ntchitoyi. Ife a ku Likoma timaona mapiri a Mozambique tsiku lililonse, ndiye musamve ngati nkhaniyi ikuchitikira kumwezi.

Dzina losasangalatsa lija lili ndi ntchito yake: ndi adiresi. Thambo lili ndi mizere yake ngati mapu a mu Geography. Manambala a 0410 akunena maola 4 ndi mphindi 10, amene amagwira ntchito ngati longitude, ndipo −0139 akunena digiri imodzi ndi mphindi 39 kum'mwera kwa equator ya kuthambo, ngati latitude. Likoma ili pafupifupi madigiri 12 kum'mwera kwa equator, ndiye kuti blazar imeneyi imadutsa madigiri 10 okha kuchoka pa liwombo pathu. Tsiku lililonse imatidutsa pamutu.

Kumayambiriro kwa January, cha m'ma 9 koloko usiku, mvula ikalola, tulukani panja. Pezani nyenyezi zitatu zondondozana za Orion, zimene zimakhala m'mwamba kwambiri nthawi imeneyo. Tambasulani mkono, mutambasulenso zala zonse, chala chachikulu chikhale pa nyenyezi zitatuzo, chaching'ono chiloze kumadzulo. Pamene chala chaching'ono chafika, chapompo, m'gulu la nyenyezi lotchedwa Eridanus, ndi pamene pali J0410−0139. Simuona kanthu. Ngakhale mutabwereka telesikopu yabwino yotani yoyang'aniramo ndi diso, simuiona, chifukwa kuwala kwake kuli pa 972 ndipo maso anu amalekera pa 700.

Ndinawaonetsa amalume malowo usiku wotsatira. Anayang'ana nthawi yaitali, dzanja lili m'mwamba, kenaka anafunsa ngati mwini tochiyo akadali moyo. Ndinawauza kuti black hole siifa msanga, ndiye iyenera kuti ilipobe, koma jet imene tikuionayi ndi ya zaka 13 biliyoni zapitazo, ndipo ngati inazima chaka chatha uthenga wake sunayambe n'komwe kuyandikira. Anagwedeza mutu, n'kunyamula batire la nyali zawo kupita nalo kubwato.